Korona Ikapeza Kale Njoka M'mimba

Mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta mpaka boma kusandutsa Bingu National Stadium kukhala chipatala, ife othandiza za umoyo mumpingo kuno ku Msundwe maso athu anali pa chifuwa ndi kubanika basi. Za m'mimba sitinkazilabadira, ndipo pamenepo tinaphonya.

Korona payokha imatha kutsegula m'mimba. Koma wodwala wakumudzi amatha kufika kuchipatala ali kale ndi kamwazi kapena njoka za m'mimba, zotengera madzi a pachitsime chosasamalika kapena kuponda dothi la kudimba opanda nsapato. Thupi lofooka kale limangotaya madzi.

Pali kanjoka kena kotchedwa Strongyloides, kolowera pakhungu la phazi, komwe kamakhala m'matumbo zaka zambiri osadziwika. Munthu wobanika akapatsidwa dexamethasone, mankhwala opulumutsadi moyo, chitetezo cha thupi chimatsika. Kanjokako kamaswana kwambiri, kufika mpaka m'mapapo, ndipo kamatha kupha. Mankhwala ake ndi ivermectin, wolemberedwa ndi dokotala. Albendazole yekha sakathetsa bwino.

Tsopano aliyense wokadikirira wodwala, kaya ku St Gabriel's ku Namitete kaya ku Kamuzu Central, timamuuza kuti asabise kanthu. Timadziwa kuti mpongozi kunena za chimbudzi cha apongozi ake n'kovuta, komabe nenani: apita kangati, muli magazi kapena ayi. Ngati munawamwetsa makapisozi ogula pagolosale, nenaninso, chifukwa nawonso amatsegula m'mimba. Pemphani kuti ayezedwe chimbudzi. Thanzi ORS musaiwale: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa.