Kodi dera lathu lili ndi mwini chipani?

Nthawi ya kampeni ikafika, m'madera okhalamo anthu a m'mizinda yathu mumamveka mawu omwewo: "Kuno ndi kuchipinda kwa chipani chakuti." Amanena choncho ku Area 25 ndi ku Kawale, amanenanso ku Ndirande ndi ku Chilomoni. Zina mwa zimene timauzana pa mpopi ndi m'minibasi zili ndi kachoonadi, koma zambiri zimangofooketsa anthu kuti asakavote.

Chikhulupiriro chachikulu n'chakuti Lilongwe ndi wa Kongeresi, Blantyre ndi wa DPP, ndiye nkhani yatha. Kuvota motsatira zigawo kulipodi, ndipo kunaonekera kale pa riferendamu ya 1993. Koma sikuti n'kosagwedezeka. Mu 2009 Bingu wa Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo palibe chigawo chimodzi chimene chingapereke mavoti ochuluka chotero pachokha. Mu 2019 Saulos Chilima, ndi chipani cha UTM chimene chinali chisanathe chaka, anatenga mavoti 20 pa 100 alionse. Chaka chomwecho aphungu 55 mwa 193 analowa m'Nyumba ya Malamulo ali oima paokha. Tsono taganizirani mdadada umodzi wa nyumba za lendi m'tauni: Mlomwe wa ku Thyolo, Mtumbuka wa ku Rumphi, Myao wa ku Mangochi ndi Mchewa wa ku Dowa akugwiritsa ntchito bafa limodzi. Amene akunena kuti akudziwa mtima wa anthu onsewa poyang'ana mbendera imene yapachikidwa pamtengo wa pamsika akudzinamiza.

Chinanso n'chakuti khamu la pamsonkhano ndiwo mavoti. Ayi. Mayi yemweyo amalandira nsalu yobiriwira Lachiwiri, Loweruka n'kukalandiranso ya buluu, ndipo zonse amaberekera mwana. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa ovota, ndipo m'kachipinda kovotera munthu amakhala yekha. Zotsatira zimaikidwa poyera pa malo ovotera, koma zimangosonyeza chiwerengero. Landilodi, bwana kapena tcheyamani wa dera sangadziwe pamene mwachonga.

Chikhulupiriro chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: wa lendi ndi mlendo, voti yake ili kumudzi. Gawo 77 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalola munthu kulembetsa kumene amakhala, kumene anabadwira, kapena kumene amagwira ntchito kapena kuchita bizinesi. Wolembetsa kumudzi sanalakwe. Koma tsiku lovota likafika, ndalama ya basi yopita ku Mzimba kapena ku Nsanje imasowa, ndipo voti ija imafera m'thumba. Winanso amasamuka ku Area 36 kupita ku Area 49 osakasintha malo ovotera pa nthawi imene bungwe la MEC lapereka. Anthu oterewa ndale amazikonda ndithu, amakangana pa WhatsApp usiku wonse, koma chala chawo sichiona inki.

Nanga zoti Amalawi anatopa nako kuvota? Mu 2019 anthu 74 mwa 100 alionse olembetsa anavota. Khothi litafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, chobwereza cha pa 23 June chinakoka pafupifupi 65, ndipo pa 16 September 2025 chiwerengero chinakweranso kufika cha m'ma 76. Boma linasintha mu 2020, linasinthanso mu 2025. Anthu otopa sachita zimenezo.

Pamene timafooka kwenikweni ndi pafupi ndi khomo lathu. Pa chisankho cha makhansala cha mu 2000, chimene chinachitika pachokha, anavota anali 14 okha mwa 100 alionse olembetsa. Kuyambira 2014 timasankha pulezidenti, phungu ndi khansala tsiku limodzi, komabe ambiri timafika pa pepala lachitatu tisakudziwa ngakhale dzina la munthu mmodzi, n'kungochonga chizindikiro cha chipani. Chonsecho khonsolo ndiyo imayang'anira zinyalala zimene zaunjikana pamsika, ngalande yotsekeka imene imalowetsa madzi m'nyumba mvula ikagwa, misewu ya m'dera ndi ziphaso za malonda. Meya wa mzinda sasankhidwa ndi ife, amasankhidwa ndi makhansala amene tinawachonga mosaganiza aja. Ndipo m'wodi, kumene ovota ndi ochepa, mabanja a mumsewu umodzi akhoza kusintha wopambana.

Inu amene mumakhala m'tauni, kaya nyumba ndi yanu kaya ndi ya lendi, kalembera akadzatsegulidwa tengani chiphaso cha unzika mukalembetse kumene mumagona. Pakadali pano, funsani dzina la khansala wa wodi yanu, ndipo mukamuonetse ngalande ija.