Kodi Nzeru Yopulumutsa Moyo Ili ndi Mwini Wake?

Makolo ambirife timapita ndi ana ku sikelo kukabayitsa katemera, koma ndi oŵerengeka amene timafunsa kuti mankhwalawo achokera kuti, ndi kuti wololedwa kuwapanga ndani.

M'chaka cha 1955 kunamveka mbiri yokondweretsa kuti Dr. Jonas Salk wa ku America wapeza katemera wa poliyo, nthenda yopundula ana. Atafunsidwa za mwini wake wa katemerayo, iye anayankha kuti eni ake ndi anthu onse, pakuti dzuŵa silikhala la munthu mmodzi.

Koma malamulo a zamalonda amayenda njira ina. Pangano la bungwe la WTO, limene linayamba kugwira ntchito mu 1995, limati wotulukira mankhwala atsopano apatsidwe chikalata chotchedwa patent, choletsa ena kuwapanga kwa zaka 20 popanda chilolezo chake. Chifukwa chake n'chomveka: kufufuza mankhwala kumadya zaka ndi chuma chambiri, ndipo wolima ayenera kukolola.

Nanga mliri ukagwa? Mu October 2020 maiko a India ndi South Africa anapempha kuti lamuloli liyambe laimitsidwa pa mankhwala ndi katemera wa COVID-19. Maiko ena olemera anakana. Zokambirana zinatha mu June 2022 ku Geneva, pamene anagwirizana kufeŵetsako lamulo pa katemera yekha. Pofika nthaŵiyo anthu miyandamiyanda anali atapita kale kumanda.

Ife a Malaŵi tinalandira katemera woyamba mu March 2021, wokwana 360,000, wopangidwa ku India. Posakhalitsa mliri unakula m'dzikolo, ndipo linaleka kutumiza katemera kunja kuti lithandize anthu ake. Pamenepo tinaona kuti akulu sananame ponena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tisaiwalenso kuti kumasula lamulo kokha sikukwanira. Katemera amafuna mafakitale ndi anthu odziŵa kapangidwe kake. N'chifukwa chake mu 2021 bungwe la WHO linakhazikitsa malo ku Cape Town ophunzitsirapo luso limeneli.

Tsono inu achinyamata, musathaŵe masamu ndi sayansi m'kalasi. Inunso makolo, alimbikitseni ana, aamuna ndi aakazi omwe. Mliri wina ukadzafika, odzatipangira katemera angakhale ameneŵa amene lero akuphunzira kuŵerenga.