Wofika mochedwa akhoza kuonedwa koyamba

Kuchigayo ndi pamjigo lamulo n'lodziwika: woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa. Koma kuchipatala lamulo lomweli likhoza kutayitsa moyo wa mwana.

N'chifukwa chake pachipatala chachikulu cha Ntcheu, monganso m'zipatala zina m'dziko muno, namwino akhoza kudumpha anthu amene alawirira m'mamawa n'kutenga mwana amene wangofika kumene. Otsalawo amang'ung'udza, ena mpaka kuganiza kuti pali chibale. Zoona zake n'zakuti namwinoyo waona zimene ena sadazione.

Njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere imatchedwa ETAT ndipo mizu yake ili m'Malawi mom'muno. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, chidasintha kalandiridwe ka ana mu 2001. Kale, mwa ana 100 aliwonse ogonekedwa, 10 mpaka 18 ankamwalira, koma zitasintha chiwerengerocho chidatsika kufika pa 6 mpaka 8. Mu 2005 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa maphunziro a njirayi kuti afikire maiko ena.

Namwino wophunzira bwino safuna makina kuti asankhe. M'kanthawi kosakwana mphindi imodzi amaona ngati mwana akubanika, akukomoka, sakudzuka kapena maso alowa m'kati chifukwa chotsekula m'mimba. Manja akakhala ozizira, amatsina chikhadabo cha mwanayo. Magazi akachedwa kubwerera kupitirira masekondi atatu, ndiye kuti zinthu zavuta ndipo mwanayo sayenera kudikira ngakhale pang'ono.

Pali enanso amene amaikidwa kutsogolo: khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja chifukwa chochepa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wopsa ndi moto komanso amene wamwa mankhwala oopsa.

Ku Ntcheu nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha mitunda. Boma la anthu oposa 650,000, malinga ndi kalembera wa 2018, limadalira chipatala cha paboma pa matenda aakulu. Namwino wa ku Tsangano, Kasinje kapena Lizulu amayenera kulingalira msanga: kodi wodwalayu athandizidwa pompano kapena atumizidwe? Mwana wa malungo aakulu amabayidwa kaye jakisoni wa artesunate asadanyamuke. Zikakanika paboma, ulendo umapitirira mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Luso lomweli limafunika m'zigawo zina za chipatala. Pakachitika ngozi mumsewu wa M1, wokuwa kwambiri sikuti ndiye wavulala koposa. Amene wangoti zii, thukuta lozizira lili kamukamu, akhoza kukhala akutaya magazi m'kati. Kuchikuta nako, mzamba amakhudza mimba ya mayi amene wangochira kumene kuti amve ngati chiberekero chalimba, poti chikakhala chofewa magazi amatha kutayika ambiri m'kanthawi kochepa.

Komabe diso la namwino limafuna pakamwa pa wodikirira wodwala. Kunena zoona za tsiku limene matenda adayamba, mankhwala amene wodwala wamwa kale, ngakhale a zitsamba, komanso kunyamula kabuku ka kuchipatala kumathandiza namwino kuganiza molondola. Ndipo mwana akasintha ali pamzere, mayi asachite manyazi kudzuka n'kuitana.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene wadumphidwa pamzere lero, mawa akhoza kukhala iye wothamangira m'kati mwana ali m'manja.