Thupi la munthu wokwera yekha nsonga za Grand Canyon

M'chigwa cha Grand Canyon, ku Arizona m'dziko la America, muli nsonga za miyala zoima pazokha, monga Vishnu Temple ndi Zoroaster Temple, zimene zilibe njira yolambulidwa yokafika pamwamba. Mtsinje wa Colorado unakumba chigwachi mpaka kuya mamita pafupifupi 1,600. Harvey Butchart, mphunzitsi wa masamu wa ku Flagstaff amene anamwalira mu 2002, anayendamo makilomita pafupifupi 19,000, kambiri ali yekha, ndipo anakwera nsonga 83. Otsata mapazi ake alipo mpaka lero.

Chigwa chimapusitsa thupi. Wokwera phiri amayamba ndi chitunda akadali ndi mphamvu. Wolowa m'chigwa amayamba n'kutsetsereka, miyendo ili yopepuka, ndipo chitunda chachikulu chimamudikira pobwerera, atatopa, madzi atatsala pang'ono. Wofuna nsonga ndiye amakwera kawiri. Akamatsika kutentha kumawonjezeka: kumtunda, pa mamita 2,100, kungakhale kamphepo kayeziyezi pomwe pansi pa chigwa, pamalo otchedwa Phantom Ranch, kwapitirira madigiri 43. Kumeneku kunafikapo madigiri 49.

Mpweya wa m'chipululu ndi wouma, choncho thukuta limauma lisanayenderere, n'kungosiya mizere yoyera ya mchere pa malaya ndi pa chipewa. Munthu angataye madzi okwana lita imodzi pa ola osazindikira. Akapanda kumwa, magazi amachepa, mtima umathamanga, mutu umawawa. Thupi likalephera kudziziziritsa kutentha kwake kumapitirira madigiri 40 ndipo ubongo, impso ndi chiwindi zimayamba kuwonongeka. Koma kumwa madzi okhaokha, ambirimbiri, osadya kanthu, nakonso n'koopsa. Mchere wa sodiyamu umachepa m'magazi, madzi amalowa m'maselo, ubongo n'kutupa. Madokotala amati hyponatremia. Chovuta n'chakuti zizindikiro zake zoyamba, nseru, kusanza ndi litsipa, zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi, ndiye wodwala amawonjezera kumwa, matenda n'kukula. N'chifukwa chake oyang'anira malowa amalangiza kudya zakudya zamchere pafupipafupi ndi kuusa pamthunzi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo.

Apa m'pamene pagona ngozi yeniyeni ya kuyenda wekha. Matenda awiri onsewa amasokoneza maganizo. Amene ali ndi mnzake amapulumuka chifukwa mnzakeyo amaona kuti akudzandira, akuyankha zosagwirizana, n'kumukhazika pansi. Ali yekha, mutu umene uyenera kuzindikira vutolo ndi womwewo wasokonekera. Mutu wotero ndi umene ukasankhe pogwira dzanja pathanthwe.

Matanthwe a m'chigwachi nawonso si amasewera. Mwala wa Redwall Limestone umaima chilili mamita pafupifupi 150, ndipo podutsira ndi m'ming'alu yowerengeka. Kukwera ndi manja ndi miyendo kumapepuka chifukwa maso amaona pogwira; potsika phazi limafufuza popondapo mwakhungu. Ambiri amazindikira mochedwa kuti afika poti kukwera sangathe, kutsika sangathe. Miyala ina imagwedera. Mu Epulo 2003, ku Bluejohn Canyon ku Utah, chimwala cha makilogalamu pafupifupi 360 chinapana dzanja lamanja la Aron Ralston, amene ankayenda yekha. Sanauze aliyense kumene ankapita. Atakhala masiku asanu opitirira, anathyola mafupa a mkono wake n'kuudula ndi kampeni kobuntha.

Mvula imapha ngakhale isanagwe pamene munthu ali. Pa 12 Ogasiti 1997, alendo 11 anafa m'chigwa china chotchedwa Lower Antelope Canyon madzi osefukira atabwera kuchokera ku mvula imene inagwa kutali kumtunda.

Foni sigwira m'zigwa zambiri zotere. Oyenda okha anzeru amanyamula kachipangizo kotumiza uthenga wa ngozi ku masetilaiti pa 406 MHz, ngakhale makoma opanikizana angatchinge uthengawo. Amasiyira wachibale mapu a njira yawo ndi tsiku loti akapanda kubwera akaitane opulumutsa. Amabisa mabotolo a madzi m'njira potsika kuti akawapeze pokwera, amapewa miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, ndipo asananyamuke amaikiratu ola lobwererapo, kaya nsonga aifika kaya ayi.