MBALE ZA SAXOPHONE M'MABOKOSI A MACHONA

Munthu wofika ku Mvuma, kumene kale kunkalembedwa Umvuma, amayamba kuona cumuni cacitali ca mgodi wa Falcon, cimene cikali ciriri ngakhale mgodiwo unatsekedwa m'caka ca 1925. Migodi ya cigawo ca Midlands inakoka amuna ambiri a ku Nyasaland. Ena anabwerera kwao ndi njinga ndi makina osokera. Ena anachona, ndipo adzukulu ao ali komweko kufikira lero. Pa zinthu zimene munthu wolandira pamwezi ankasungira ndarama m'zaka za 1950, galamafoni yopukusa ndi dzanja inali imodzi ya zazikuru. Magalamafoniwo ambiri anafa kale, koma mbale zace ndizo zayenera kufunsidwa kuti ziri kuti.

Kumaiko a kutsidya la nyanja kuli anthu amene asandutsa kusonkhanitsa mbale za lipenga la saxophone kukhala nchito ya moyo wao. Mbale ya Hank Mobley imene kampani ya Blue Note inajambula m'caka ca 1957, ya nambala 1568, inapangidwa yowerengeka, motero yosakandika imagulidwa ndi madola zikwi zingapo. Amene alibe ndarama zotere amadikira kuti kampani iumbenso mbalezo. M'caka ca 2019 Blue Note inayamba ndondomeko yatsopano yoturutsanso nyimbo zace zakale pa mbale zolemera magalamu 180, ndipo "Blue Train" ya John Coltrane inaturuka motero m'caka ca 2022. Izi zimatheka cifukwa matepi oyamba anasungidwa bwino, ndipo mau amatengedwa pomwepo osati pa mbale yakutha.

Dziko la Zimbabwe nalo linali ndi katswiri wace wa lipengali. Bambo August Musarurwa, amene poyamba anali womasulira wa apolisi, anatsogolera gulu loyimba la Cold Storage Commission ku Bulawayo, napeka nyimbo yochedwa "Skokiaan". Dzinalo sasowa kulimasulira kwa munthu amene anakhalapo m'komboni: ndico cikokeyani, mowa wapsa lero umene apolisi ankausaka usiku. Kampani ya Gallotone ya ku Johannesburg inaiika pa mbale, ndipo m'caka ca 1954 inafika ku America m'dzina la Bulawayo Sweet Rhythms Band. Caka comweco oyimba ambiri a kumeneko anaiyimbanso, mmodzi wa iwo Louis Armstrong, amene anadzaonana ndi Bambo Musarurwa pamene anaceza ku Southern Rhodesia m'caka ca 1960. Bambo Musarurwa anamwalira m'caka ca 1968.

Bvuto la mbale za nyengo imeneyo liri m'cipangidwe cace. Zinkaumbidwa ndi shellac, utomoni wocokera ku tizirombo ta m'mitengo ya ku India, wosakaniza ndi fumbi la miyala. Zinkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inkatha m'mphindi zitatu zokha. Mbale yotere ikagwa pasimenti imasweka ngati phale. Singano yace inali yacitsulo, ndipo lamulo linali lakuti isinthidwe nyimbo iri yonse ikatha. Koma pa gule wa Loweruka, anthu atadzaza m'nyumba ndipo ena akuponya tiki kuti nyimbo ibwerezedwe, ndani akanaima kuwerenga masingano? Singano yobuntha imapala mizere ya mbale monga khasu lipala munda, ndipo mau a lipenga, amene ali opyapyala, ndiwo amayamba kutha. Cotero nyimbo imene anthu anaikonda koposa ndiyo ibvuta kuipeza iri bwino, pamene ija inanyozedwa imapezeka yonyezimira.

Mwai ulipo pang'ono. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music m'caka ca 1954, anajambula magulu a malipenga a ku Bulawayo, ndipo zimene anajambulazo ziri ku Rhodes University ku South Africa. Michael Baird wa kampani ya SWP anasankhapo nyimbo za m'zaka za 1950, 1951 ndi 1952, naziturutsa pa CD yochedwa "Bulawayo Jazz", momwe gulu la Cold Storage likumveka. Koma Tracey anali munthu mmodzi ndi galimoto lace. Magulu ena amene anayimbira makampani a malonda, mau ao angakhale atatsala pa mbale imodzi kapena ziwiri, mwina pansi pa bokosi lacitsulo la agogo ku Mvuma, ku Shurugwi kapena ku Mzimba, pakati pa cithupa cakale ndi jekete la ukwati.

Wopeza mbale yotere asafulumire kuiyesa pa galamafoni yakale, pakuti kuyimba kumodzi ndi singano yadzimbiri kungacotse zimene zaka makumi asanu ndi awiri zinasiya. Aiimike coimirira m'cikwama ca pepala, kutali ndi dzuwa, ndipo alembe dzina la gulu ndi nambala imene iri pakati pace, cifukwa osunga nyimbo amayamba kufunsa nambalayo. Poipukuta agwiritse kansaru kouma kofewa. Spiriti kapena kacasu zisaiyandikire, pakuti shellac imasungunuka mu mowa.