Za Limba la Kompyuta ndi Pokhala pa Masipika Ache

Mwezi uno tikulemberani nkhani ya kuno ku Ndirande, patsinde pa phiri, kumene oyimba a kwaya ndi akulu a miphakati afunsana za limba. Ena amva kuti masiku ano kompyuta ikhoza kulira monga limba lalikulu la zitoliro la m'matchalitchi a ku Ulaya, ndipo mitima yao yatenthadi. Ife sitikana, pakuti chinthucho nchoona. Koma ndalama yogulira idzachokera m'manja mwa amai ogulitsa tomato pamsika ndi abambo okhoma zidebe, chifukwa chache tiyenera kuganiza bwino tisanasonkhetse ndi tambala yomwe.

Poyamba tidziwe chimene Eklezia afuna. Pa 22 November 1903, tsiku la Cecilia Woyera nkhoswe ya oyimba, patangopita zaka ziwiri chifikire ansembe a Montfort ku Nzama, Papa Pius X analemba kalata ya nyimbo za m'tchalitchi, naphunzitsa kuti nchito ya limba ndiyo kuchirikiza mau a anthu, si kuwapondereza ai. M'chaka cha 1963 Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unatamanso limba la zitoliro, nulolanso zoyimbira zina, nukumbutsa kuti nyimbo za eni dziko m'maiko a mishoni zilemekezedwe. Tero limba silidzera kudzapitikitsa ng'oma ndi visekese, lidzera kudzathandiza mpingo kupemphera.

Limba lenileni liri ndi chitoliro chache pa liu liri lonse. Mzere umodzi wa makiyi a manja uli ndi makiyi 61, ndipo mtundu umodzi wa mau ufuna zitoliro 61. Limba la mitundu 20 likhala ndi zitoliro zoposa 1,000, chiri chonse pa malo ache, chiri chonse ndi kamwa lache. Za mau akulu ndi zazitali, china chifika mapazi 16, ndipo mpweya wa m'kati mwache unjenjemera ka 32 pa sekondi imodzi. Amene anaona valimba wa ku Chikwawa ndi Nsanje adziwa kale chinsinsichi: liu lalikulu lifuna chikho chachikulu.

Tsono akatswiri amapita ku malimba otchuka, najambula kulira kwa chitoliro chimodzichimodzi, nasunga mauwo m'kompyuta. Pulogalamu yodziwika ya nchitoyi ndiyo Hauptwerk, imene Martin Dyde anayamba kuitulutsa mu 2002. Ilipo inanso yaulere, dzina lache GrandOrgue. Woyimba akakhudza kiyi, uthenga upita ku kompyuta pa chingwe cha MIDI, ndipo kompyuta itulutsa liu la chitoliro chomwecho.

Apa ndipo pagona bvuto. Zitoliro 1,000 zija ziri m'kompyuta, koma zitulukira kuti? Tinapemphera tsiku lina m'tchalitchi lina kumene kiyibodi, maikolofoni a kwaya ndi a wansembe, zonse zinalowa mu sipika imodzi yopachikidwa pamwamba pa khomo. Woyimba anali waluso, koma atagwira makiyi ambiri pamodzi mau anasanduka phala, anthu a kumbuyo nasiya kuyimba chifukwa sanamve pomwe nyimbo iri. Sipika ili ndi chikopa chimodzi chogwedezeka. Mukachipatsa mau ambiri nthawi imodzi, makamaka mau oyandikana, chibala phokoso lina limene woyimba sanayimbe. Nkofanana ndi kuuza munthu mmodzi kuti ayimbe yekha soprano, alto, tenor ndi bass.

Chifukwa chache limba lotere lifuna njira zambiri za mau. Kabokosi kotulutsa mau m'kompyuta kakhale ndi makomo ambiri, monga 8, ndipo khomo liri lonse likhale ndi chokuzira mau chache ndi sipika yache. Mwa chitsanzo, masipika 4 asenze mzere woyamba wa makiyi, 2 asenze mzere wachiwiri, 2 asenze makiyi a mapazi, ndipo imodzi mwa awiriwa ikhale yaikulu ya mau apansi. Pulogalamu ikhoza kugawa mau mosinthana, kuti makiyi awiri oyandikana asatulukire pa sipika imodzi. Amisiri akale a malimba anachitanso chomwecho, poika chitoliro china kudzanja lamanja ndi chotsatira chache kumanzere.

Za pokhala pache, tisunge izi. Masipika a limba asaloze m'makutu mwa anthu monga achitira a ulaliki. Akwezeni pamwamba pa mitu, alozetseni ku khoma kapena ku denga, kuti mau ayambe abalalika nasakanizike m'nyumba asanafike kwa wopemphera; mukapanda kutero agogo a pa benchi loyamba adzagontha pamene a kumbuyo sakumva. Sipika yaikulu ya mau apansi ikhale pansi pa simenti, pafupi ndi khoma lolimba. Ndipo musanakhome kanthu yesani denga: matchalitchi athu ambiri ngofolera ndi malata, ndipo lata lomasuka kapena zenera losakhazikika zidzalira pamodzi ndi mau akulu. Msomali wa mtengo wochepa ukhoza kupulumutsa limba la mtengo wapatali.

Limba lonse likhale mbali imodzi, pafupi ndi kwaya ndi woyimba. Mau ayenda mamita 343 pa sekondi. Sipika ikakhala mamita 34 kuchokera pa kwaya, liu lichedwa gawo limodzi la magawo khumi a sekondi, ndipo nkokwanira kuti oyimba ayambe kukokana. Posankha mau ojambulidwa funsani amene alibe chiphokoso cha nyumba imene anajambuliramo, pakuti tchalitchi lathu liri nacho kale chache, ndipo ziwiri zikaphatikizana nyimbo isokonezeka. Masipika a wansembe ndi owerenga akhale paokha, kuti Mthenga Wabwino umveke ngakhale limba litadwala.

Tisaiwale magetsi. Kompyuta ikazima pakati pa Misa ifuna mphindi zingapo kuti isenzenso mau ache, tero batire yogwiriza nyofunika monga masipika omwe. Pfumbi la mwezi wa October ndi mdani wina, ndi akuba omwe. Akalipentala ndi owotcherera zitsulo a pa msika wa Ndirande akhoza kupanga kabati yokhoma, yolowa mphepo, ndi mashelefu olimba. Ng'oma zisatayidwe, pakuti sizifunsa magetsi.

Nanga ndalama ikachepa? Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Yambani ndi masipika 4 abwino ndi imodzi ya mau apansi, koma gulani kabokosi ka makomo 8 ndi kuyala zingwe zonse tsopano, kuti poonjezera musadzaswenso khoma. Bwerekani masipika, muwayese tsiku la Mulungu anthu atadzaza, popeza nyumba yopanda anthu ilira mwina, yodzaza ilira mwina. Bambo mfumu ndi akulu a parishi abvomereze, ndipo anyamata kapena atsikana awiri aphunzire kuyimba limbalo lisanafike, kuti lisadzakhale lofunda nsaru pakona.

Muyeso wache ndi umodzi: mukaima pa khomo la kumbuyo, kodi mukumva mpingo ukuyimba? Mukamva limba lokha, litsitseni. Pa nyengo ya Lenti Eklezia alola limba kungochirikiza nyimbo za anthu, ndipo ife tiyesa kuti woyimba amene aphunzira ulemu umenewu adzayimba bwino chaka chonse. Cecilia Woyera atipempherere.