Oldřich Kulhánek, Mmisiri wa Zithunzi Zodinda

Mphunzitsi akafuna kuti ana makumi anayi aone chithunzi chimodzi, amachijambula pabolodi, ndipo pofika madzulo chafufutidwa. Mmisiri wa zithunzi zodinda sachita motero. Iye amatenga chitsulo chamkuwa chophwatalala, nachimata phula, nalembapo ndi singano. Akachiviika m'mankhwala a asidi, mankhwalawo amadya mkuwa pokhapo pamene singano inapyola phula, kotero kuti pamatsala timizere tokumbika tosunga inki. Chitsulo chimodzicho chimabala zithunzi zambiri zofanana, ndipo chifukwa cha ichi olamulira ankhanza amaopa mmisiri wotere koposa wojambula chithunzi chimodzi chokha.

A Oldřich Kulhánek anabadwira mumzinda wa Prague, m'dziko limene panthawiyo linali m'manja mwa Ajeremani, m'chaka cha 1940. Luso lawo analiphunzira pasukulu yaikulu ya zaluso mumzinda womwewo, pansi pa a Karel Svolinský, amenenso anali katswiri wa masitampa. Pamene anayamba ntchito, Czechoslovakia inkalamulidwa ndi chipani cha Chikomyunizimu. M'chaka cha 1971 apolisi achinsinsi anawagwira, nawaimba mlandu wonyoza atsogoleri a mayiko a Chikomyunizimu, pakuti pa zithunzi zawo zina panali nkhope ya Stalin yojambulidwa mosam'lemekeza. Anakhala m'ndende pafupifupi mwezi umodzi. Pambuyo pake bwalo la milandu linagamula kuti zithunzizo ziwonongedwe, monga ngati pepala ndi inki ndizo zinapalamula. Kwa zaka zambiri sanaloledwe kuonetsa ntchito yawo poyera kwawoko, ngakhale kuti kumayiko akunja anthu anali kuigula.

Ulamuliro uja unagwa m'chaka cha 1989, ndipo mu 1993 dziko linagawika pawiri. Dziko latsopano la Czech Republic linafuna ndalama zakezake, ndipo munthu yemwe uja anam'letsa kuonetsa zithunzi ndiye anajambula ndalama zonse zamapepala, pamodzi ndi masitampa ambiri a positi. Ntchito yotere njovuta ndithu: nkhope ya munthu iyenera kukwana pakapepala kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, nizindikirikabe.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, yang'anani ndalama ya makoruna 200. Pamenepo a Kulhánek anaikapo nkhope ya Jan Amos Komenský, mphunzitsi uja amene mabuku athu amam'tchula Comenius, yemwe mu 1658 anatulutsa buku la ana lokhala ndi zithunzi lotchedwa Orbis Pictus. Kuseri kwa ndalamayo sanajambuleko nyumba yachifumu kapena asilikali, koma dzanja la munthu wamkulu likukhudzana ndi dzanja la mwana. Mmisiriyu ankakonda kujambula manja, ndipo ine ndiyesa kuti apa ndi pamene anapambana.

Anamwalira ku Prague m'chaka cha 2013.